Ndalama m'Manja mwa Agogo Aakazi

Pabanja lililonse, kaya m'tauni kaya kumudzi, nkhani yakuti asunge ndalama ndani imakhala yovuta. Ena amati zilibe kanthu, pakuti ndalama ikalowa m'nyumba ndi ya onse. Kwa zaka zambiri akatswiri a zachuma nawonso ankaganiza motero, namawerenga banja lonse ngati munthu mmodzi wa thumba limodzi. Koma mayi wina wa ku France, Esther Duflo, amene m'chaka cha 2019 analandira mphoto ya Nobel pa maphunziro a zachuma, anafuna kuona ngati zimenezi zili zoona. Yankho anakalipeza kwa agogo a ku South Africa.

M'masiku a ulamuliro wa tsankho, nkhalamba zachikuda m'dzikomo zinkalandira penshoni yochepa poyerekeza ndi azungu. Tsankho litayamba kutha, boma linakweza ndalamazo, ndipo pofika 1993 aliyense ankalandira mofanana, marandi 370 pa mwezi. Amayi ankayamba kulandira akakwana zaka 60, abambo akakwana zaka 65. Kumidzi imeneyi inali ndalama yambiri ndithu, pafupifupi kuwirikiza kawiri zimene munthu wamba ankapeza pa mwezi. Komanso mwa ana anayi aliwonse achikuda osakwana zaka 5, mmodzi kapena kuposerapo ankakhala nyumba imodzi ndi wolandira penshoni.

Mayi Duflo anatenga kaundula wa mabanja wa m'chaka cha 1993, m'mene munalembedwa kulemera ndi msinkhu wa ana, monga achitira anamwino kusikelo. Miyeso iwiriyi imanena zinthu zosiyana. Kulemera kumaonetsa m'mene mwana wadyera masiku apafupi, pamene msinkhu umaonetsa m'mene wakhala akudyera chibadwire, chifukwa mwana wosowa chakudya chabwino pa zaka zoyamba amapinimbira. Choncho iwo anayerekeza ana obadwa penshoni itakwera ndi ana obadwa isanakwere.

Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2003, zinadabwitsa ambiri. M'nyumba m'mene wolandira penshoni anali agogo aakazi, adzukulu aakazi analemera bwino ndi kutalika bwino. Kwa adzukulu aamuna kusinthako kunali kochepa. M'nyumba m'mene wolandira anali agogo aamuna, sikunaoneke kusintha kotere pa thupi la mwana aliyense. Ndipo phindulo linaoneka makamaka pamene wolandirayo anali wa kuchikazi, ndiye kuti mayi wobala mayi wa mwanayo.

Si ku South Africa kokha kumene zotere zinaoneka. Ku Britain, pakati pa 1977 ndi 1979, boma linasintha chithandizo cha ana. Kale chinkapita kwa abambo powachepetsera msonkho, koma tsopano chinayamba kuperekedwa kwa amayi ngati ndalama yapamanja. Akatswiri atatu, Shelly Lundberg, Robert Pollak ndi Terence Wales, anapeza kuti mabanja anayamba kuwononga zambiri pa zovala za ana ndi za amayi poyerekeza ndi zovala za abambo. Nalo boma la Mexico, poyambitsa chithandizo chotchedwa Progresa mu 1997, linasankha kupereka ndalamazo kwa amayi.

Komabe tisafulumire kuweruza amuna athu. Mayi Duflo yemweyo, pamodzi ndi anzake, anafufuzanso ku Morocco, kumene boma linkapereka ndalama zothandiza ana kupita kusukulu. Mu 2015 analengeza kuti ana anapindula pafupifupi mofanana, kaya ndalamazo analandira ndi bambo kaya ndi mayi. Kumeneko makolo onse awiri ankadziwa bwino lomwe kuti ndalamayo ndi ya sukulu. Tikuonapo apa kuti bambo nawonso amatha kuika mwana patsogolo pamene cholinga cha ndalama chadziwika poyera.

Tsono phunziro lake n'lotani kwa ife, amayi anzathu? Munthu amene amaphika, amene amaona mwana akamakana phala, ndiponso amene amapita naye kusikelo, ayenera kukhala ndi mawu pa ndalama za m'nyumba. Ndalama ya malipiro kapena ya zokolola ikabwera, khalani pansi ndi bambo a kunyumba mwaulemu, mupatule gawo la ana zina zonse zisanagulidwe: nsinjiro za m'phala, mazira, usipa, nyemba, ndi yoyendera kuchipatala. Asonyezeni buku la kusikelo kuti adzionere okha m'mene mwana akukulira. Pogawa chakudya, mwana wamkazi ndi wamwamuna alandire mofanana. Ndipo ngati kumudzi kuli agogo amene akulera adzukulu, ndalama yowathandiza ifike m'manja mwawo enieni. Akulu anati m'mera mpoyamba; msinkhu umene mwana wataya ali wakhanda ndi wovuta kuubwezera atakula.