Kaloko ka pamwamba pa tsamba sikanena kuti mwiniwake ndi woona mtima

Mayi wina wa geni ya zitenje ku Limbe analandira uthenga pa WhatsApp wonena kuti banki yake yayamba kupereka ngongole kwa amayi a mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo ofuna angodina linki n'kulembetsa. Mayiyu si wotengeka wamba. Anali atamvapo pa maphunziro ena kuti asanalembe chilichonse pa tsamba la pa intaneti, aziyamba wayang'ana pamwamba ngati pali kachizindikiro ka loko. Anayang'ana, kaloko kanalipo. Analemba dzina, nambala ya khadi, ndiponso nambala yachinsinsi imene banki inamutumizira pa foni nthawi yomweyo. Pofika madzulo mu akaunti munalibe kanthu.

Ntchito yanga ndi yomanga masamba a pa intaneti, n'chifukwa chake mchimwene wake wa mayiyu anandibweretsera foniyo kuti ndione. Tsambalo linali lokopera, mitundu ndi chizindikiro cha banki zili m'malo mwake. Chimene chinandipweteka mtima n'chakuti mayiyu anachita ndendende zimene anaphunzitsidwa. Langizo lakuti "ukaona kaloko ndiye kuti tsambalo ndi lotetezeka" likumvekabe m'maphunziro ndi pa mapepala ochenjeza anthu, chonsecho linatha ntchito kalekale, ndipo lero likuthandiza akuba kuposa eni ndalama.

Nanga kalokoko kamanena chiyani kwenikweni? Adiresi ya tsamba ikayamba ndi https, foni yanu ndi seva, kompyuta imene imasunga tsambalo, zimagwirizana kiyi wachinsinsi n'kuyamba kusokoneza uthenga wonse umene zikutumizirana. Ife timati encryption. Wina aliyense amene ali pakati, kaya mwini Wi-Fi ya pa malo ogona alendo, kaya kampani ya netiweki, amangoona zilembo zopanda mutu. Njirayi inabwera ndi kampani ya Netscape, imene inatulutsa SSL mu 1995, ndipo mdzukulu wake amene tikugwiritsa ntchito masiku ano amatchedwa TLS. Kufunika kwake kunaonekera poyera mu 2010, pamene katswiri wina, Eric Butler, anatulutsa kapulogalamu kotchedwa Firesheep. Munthu wokhala nako, akakhala pa Wi-Fi imodzi ndi anzake, ankatha kulowa mu Facebook kapena Twitter yawo mongodina kamodzi, chifukwa masambawo sankabisa uthenga wonse. Manyazi amenewo anakankha makampani akuluakulu kusamukira ku https.

Kuti zimenezi zitheke, tsamba limafunika satifiketi. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, poti m'moyo wa tsiku ndi tsiku satifiketi imapatsidwa kwa munthu amene wayesedwa n'kupezeka woyenera. Satifiketi ya tsamba, ya mtundu umene masamba ambiri ali nawo, imatsimikiza chinthu chimodzi chokha: kuti amene waipempha ndi amene akulamulira dzina la tsambalo. Safunsidwa kuti ndi ndani, amakhala kuti, kapena akufuna kugulitsa chiyani. Zili ngati kalata yomata bwinobwino imene mwapatsira kondakitala wa basi. Iye sangaiwerenge m'njira, koma ngati pa envelopu mwalemba adiresi ya wakuba, kalatayo ikafika kwa wakubayo ili yomatamata.

Kale langizo la kaloko linali ndi kamutu pang'ono. Satifiketi inkagulidwa ndi madola chaka ndi chaka, kuiika pa seva inali ntchito yotuluka nayo thukuta, ndipo akuba ambiri sankadzivutitsa. Zinthu zinasintha mu 2015, pamene bungwe losachita phindu la Internet Security Research Group la ku America linayamba kupereka masatifiketi aulere kudzera mu Let's Encrypt. Makina okhaokha ndi amene amagwira ntchito yonse, ndipo m'kamphindi satifiketi imakhala yatuluka. Pofika February 2020, Let's Encrypt inali itapereka masatifiketi 1 biliyoni. Mu July 2018 Chrome, browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) ya Google, nayo inayamba kulemba chenjezo pa tsamba lililonse lopanda https, kotero aliyense anathamangira kukatenga kaloko kake.

Ine ndimaiyamikira Let's Encrypt ndi mtima wonse, ndipo sindigwirizana ndi amene amaiimba mlandu. Chifukwa cha iyo, sukulu ya kumudzi, mpingo kapena kagulu ka alimi kangathe kukhala ndi tsamba lobisa uthenga popanda kusakasaka ndalama zakunja. Koma khomo limene latsegukira sukulu latsegukiranso tsotsi. Chakumapeto kwa 2018, kampani yofufuza za umbava wa pa intaneti ya PhishLabs inapeza kuti masamba 49 pa 100 alionse a phishing, kutanthauza masamba onamizira ena n'cholinga chokola mapasiwedi ndi manambala a makhadi, anali ndi kaloko. Mu June 2019 apolisi a FBI ku America anachenjeza anthu poyera kuti asakhulupirire tsamba chifukwa chongoona kaloko kapena https.

Ena amati, nanga masatifiketi odula aja, amene kampani imayamba yafufuzidwa? Amenewo amatchedwa EV, ndipo kale ankachititsa kuti dzina la kampani lioneke pafupi ndi kaloko. Mu 2017 wofufuza wina, Ian Carroll, analembetsa kampani yake m'chigawo cha Kentucky n'kuipatsa dzina lakuti Stripe, Inc, lofanana ndi la kampani yotchuka yolipirira zinthu pa intaneti. Mapepala ake anali ovomerezeka, satifiketi ya EV anapatsidwa, ndipo zonse pamodzi zinamudya madola 177. Mu 2019 Chrome ndi Firefox zinachotsa dzina la kampani pamwamba paja.

Chaka chomwecho cha 2017, Xudong Zheng anasonyeza chinthu china chozizira thupi. Analembetsa dzina la tsamba pogwiritsa ntchito zilembo za Cyrillic, zimene amalembera Chirasha, zofanana maonekedwe ndi zilembo zathu. Pa Chrome ndi Firefox adiresiyo inkawerengeka kuti apple.com, kaloko kali pompo, pamene tsambalo silinali la Apple ngakhale pang'ono. Chrome inatseka mpata umenewo patangopita masiku ochepa, koma phunziro linatsala.

Google yeniyeniyo inafika potopa nako kaloko. Mu May 2023 inalengeza kuti ikachotsa, ndipo inanena kuti pa kafukufuku wake wa mu 2021, anthu 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankadziwa tanthauzo lake lenileni. Kuyambira pa Chrome 117, imene inatuluka mu September 2023, pamalo pa kaloko pali kachizindikiro kena kooneka ngati timabatani tosinthira zinthu. Ma browser ena akukaonetsabe. Ndiye taganizani: amene anapanga browser yotchuka kwambiri padziko anakachotsa poona kuti kakusocheretsa anthu, koma ophunzitsa ena akukagwiritsabe ntchito ngati muyeso wa chilungamo.

Ndili ndi mawu kwa anzanga a ntchito. Alipo amene amalembera kasitomala mtengo waukulu wa "chitetezo cha SSL" chaka chilichonse, n'kumuuza kuti tsopano tsamba lake silingathyoledwe. Kulipiritsa nthawi ndi luso lanu n'koyenera, koma muuzeni munthuyo zoona. Tsamba la WordPress lokhala ndi ma plugin akalekale ndi pasiwedi yosavuta kulota limathyoledwa kaloko kali pomwepo, ndipo wakuba akalowa amagwiritsa ntchito satifiketi yanu yomweyo pokola anthu.

Tsono wowerenga achite chiyani? Palibe njira yosaphonya, koma zingapo zimathandiza. Tsamba lopanda https musalembepo chilichonse chachinsinsi. Pamenepo langizo lakale likugwirabe. Likakhala nayo, werengani dzina lenileni la tsambalo, limene timati domain. Pezani kamzere kopendekera koyamba pambuyo pa dzinalo, n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Pa adiresi ngati bankiyanu.mw.example.com, mwini tsamba ndi example.com, ndipo zakutsogolozo aliyense angathe kulembapo zimene wafuna. Pa foni adiresi imadulidwa, choncho idinizeni kuti ioneke yonse. Ngakhale apo diso limanamizika, moti chabwino koposa n'kusadina linki ya banki yobwera pa WhatsApp kapena pa SMS. Lembani nokha adiresi imene mukuidziwa, kapena gwiritsani ntchito app ya bankiyo. Pulogalamu yosunga mapasiwedi imathandizanso, poti nthawi zambiri imakana kulemba pasiwedi pa tsamba limene dzina lake lasiyana ndi lenileni, ngakhale ndi chilembo chimodzi. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba musailembe pa tsamba limene mwalipeza kudzera pa uthenga, ndipo nambala yachinsinsi yobwera pa SMS muziwerenga kaye uthenga wake wonse kuti mudziwe chimene ikuvomereza. Zikavuta, imbirani banki nthawi yomweyo kuti itseke khadi, kenako kanenani ku polisi. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lokhudza milandu yotereyi, ngakhale kuti kubweza ndalama zimene zapita kale n'kovuta.

Pempho langa likupita kwa a mabanki, a mawailesi, aphunzitsi a makompyuta ndi onse amene amayenda m'magulu a amayi ndi achinyamata kuphunzitsa za ndalama za pa foni. Tsegulani mabuku ndi mapepala anu ophunzitsira, mufufute chiganizo chakuti kaloko ndi chizindikiro cha tsamba lodalirika, ndipo m'malo mwake muphunzitse anthu kuwerenga dzina la tsamba.