Mutu 9: Bizinesi ya munthu mmodzi pa intaneti

Pa 16 Disembala 2010 chikalata cha m'kati mwa kampani ya Yahoo chidaululika, ndipo chidasonyeza kuti kampaniyo ikufuna kutaya ena mwa masamba ake a pa intaneti. Pamndandandapo padali Delicious, tsamba laulere limene anthu ankasungapo maadiresi a nkhani zimene akufuna kudzaziwerenganso. Ena adali atasungapo zinthu zawo kwa zaka zambiri. Mbiriyo itangowanda, anthu adayamba kusamutsa katundu wawo usiku womwewo, ndipo ambiri adakatulira pa katsamba kena kotchedwa Pinboard.

Amene adayambitsa Pinboard mu 2009 ndi Maciej Cegłowski, wobadwira ku Poland koma wokulira ku America. Pachiyambi adali ndi mnzake womuthandiza, koma kwa zaka zambiri ntchito yonse idali pamutu pake: kulemba pulogalamu, kusamala maseva, kuyankha madandaulo. Chimene chidasiyanitsa katsamba kake ndi Delicious n'chakuti aliyense wolowapo ankalipira. Mtengo udayambira cha m'ma $3, ndipo unkakwera ndi kachigawo kakang'ono ka senti munthu watsopano aliyense akalowa. Choncho chigulu cha mu Disembala chija chidabwera ndi ndalama yogulira maseva ena oti achisenze. Katsambako kakadakhala kaulere, gulu lomwelo likadangokhala mtolo wopanda malipiro.

Delicious idadutsa m'manja mwa eni angapo, ikunka nifota. Mu 2017 Cegłowski adaigula ndi $35,000.

Nkhani imeneyi ndi khomo labwino lolowera m'mutu uno, chifukwa munthu woyamba yekha bizinesi ya pulogalamu ya pakompyuta alibe wina womuthirira ndalama kupatula kasitomala. Maphunziro ena onse akuchokera pamenepa.

Mpamba uchokera kuti

Pachingerezi njira imeneyi amaitchula kuti bootstrapping, koma si yachilendo kwa aliyense amene adaonapo geni ikukula. Munthu amayamba ndi beseni limodzi la mandasi, phindu la lero n'kuguliranso ufa wa mawa, mpaka tsiku lina n'kumanga kagolosale. Palibe ngongole, palibe wogawana naye umwini. Pa intaneti zimatheka kwambiri chifukwa pulogalamu ikalembedwa kamodzi, kuigulitsa kwa munthu wachiwiri kapena wachikwi sikulira kuoda katundu wina. Mpamba waukulu ndi nthawi ya mwini wake.

Njira inayo ndi yotenga ndalama kwa makampani amene ntchito yawo ndi kugula masheya m'mabizinesi ongoyamba kumene. Iwowa amadziwa kuti ambiri mwa mabizinesi amene athiramo ndalama adzafa, ndiye amafuna kuti imodzi kapena ziwiri zikule modabwitsa n'kubweza zonse zotayikazo. Kwa iwo, bizinesi yongodyetsa mwini wake ndi antchito ochepa ndi yolephera.

Sahil Lavingia adalawa njira zonse ziwiri. Mu 2011 adapanga Gumroad kumapeto kwa sabata imodzi yokha. Ndi tsamba lothandiza olemba mabuku, oimba ndi ojambula kugulitsa ntchito zawo kwa anthu popanda mkhalapakati. Posakhalitsa adalandira ndalama zoposa $8 miliyoni, zambiri mwa izo kuchokera ku kampani ya Kleiner Perkins, n'kulemba antchito. Gumroad inkakula ndithu, koma osati pa liwiro limene eni ndalama ankafuna. Ndalama zina zitakanika kupezeka, mu 2015 adachotsa antchito atatu mwa anayi alionse, ndipo idafika nthawi yoti adatsala yekha. Pambuyo pake Kleiner Perkins idamugulitsanso masheya ake pa $1 yokha. Chodabwitsa n'chakuti Gumroad yomweyo, itachepa, idayamba kupanga phindu ndipo ikugwirabe ntchito. Makasitomala adalipo kuyambira kale. Chimene chidalakwika ndi muyeso umene bizinesiyo idapatsidwa.

Kavuto kakang'ono ka anthu odziwika

Munthu mmodzi sangalimbane ndi Google kapena Microsoft pa zinthu zimene aliyense amafuna. Malo ake ali pa mavuto amene makampani akuluakulu amawaona ngati ochepa kwambiri moti sangatumeko ngakhale wantchito mmodzi.

Mu 2006 Patrick McKenzie, wa ku America koma wogwira ntchito ku Japan, adatulutsa pulogalamu yotchedwa Bingo Card Creator, atawonongerapo ndalama zokwana $60 zokha. Aphunzitsi a kupulayimale ku America amakonda kuphunzitsa mawu ndi masamu kudzera m'masewera a bingo, ndipo mwana aliyense amafunika khadi losiyana ndi la mnzake. Kulemba makadi 30 pamanja ndi ntchito yodya madzulo onse. Pulogalamu ya McKenzie inkachita zimenezi m'mphindi zochepa, pa mtengo wosafika $30.

Kulemba pulogalamuyo kudamutengera masiku ochepa, koma kuigulitsa kudamutengera zaka. Adazindikira kuti mphunzitsi safufuza dzina la pulogalamu pa Google. Amafufuza makadi a bingo a phunziro limene akaphunzitse mawa. Ndiye adalemba ganyu munthu woti azimukonzera mindandanda ya mawu pa mitu mazanamazana, mutu uliwonse ndi tsamba lakelake, kuti mphunzitsi wofufuza za nyama, za nyengo kapena za chikondwerero cha Halloween akagwere pakhomo pake. Zonsezi ankachita ataweruka kuntchito. Ntchito yolembedwayo adaisiya mu 2010, patatha zaka zinayi, ataona kuti bizinesi yayamba kumudyetsa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: malipiro a pamwezi ndi amene adalera bizinesiyo ikadali khanda.

Anthu odziwa kulemba mapulogalamu amagwa kawirikawiri pamenepa. Kulemba kumawakomera, kugulitsa kumawachititsa manyazi, ndiye amatha miyezi akuwonjezera zinthu zimene palibe adazipempha. Funso loyenera kuyankhidwa mzere woyamba usadalembedwe ndi lakuti: anthu a vuto limeneli ndi ndani, amapezeka kuti, ndipo pakadali pano akulithetsa bwanji? Ngati akutayirapo kale ndalama kapena maola, msika ulipo.

Masamu a chidebe chodontha

Mapulogalamu ambiri a pa intaneti masiku ano amalipiridwa mwezi ndi mwezi. Ubwino wake ndi wakuti mwezi ukamayamba mwini wake amadziwiratu ndalama zimene zilowe. Koma pali masamu awiri amene woyamba kumene sawaganizira.

Oyamba ndi a mtengo. Tiyerekeze kuti mukufuna $3,000 pamwezi. Pa mtengo wa $5 mufunika makasitomala 600. Pa mtengo wa $50 mufunika 60. Anthu 600 ndi maimelo ochuluka, mafunso ochuluka, makadi a kubanki okana kulipira ochuluka, ndipo woyankha ndi mmodzi yemweyo. N'chifukwa chake McKenzie adatchuka ndi langizo lakuti anthu azikweza mitengo, ndipo bizinesi yake yachiwiri, Appointment Reminder, idalunjika kwa mabizinesi anzake. Inkaimbira foni ndi kutumiza mauthenga kukumbutsa anthu za tsiku limene adapangana ndi dokotala kapena wokonza tsitsi. Kwa mwini bizinesi, munthu mmodzi wosabwera pa nthawi yake ndi ndalama yotayika, ndiye kulipira pulogalamu yoteteza zimenezo sikumupweteka. Munthu wamba amawerengera ndalama yotuluka m'thumba mwake, pamene wabizinesi amawerengera imene ibwerere.

Achiwiri ndi a anthu ochoka. Mwezi uliwonse ena amasiya kulipira. Tinene kuti mumapeza makasitomala atsopano 20 pamwezi, ndipo 5 mwa 100 alionse amachoka. Mukafika pa makasitomala 400, ochoka pamwezi amakwana 20, chimodzimodzi ndi olowa, ndipo bizinesi imaima pomwepo ngakhale mulimbikire chotani. Mukachepetsa ochoka kufika pa 2 mwa 100, denga limakwera mpaka makasitomala 1,000 popanda kuwonjezera ngakhale tambala ya malonda. Kumata chidebe kumapindulitsa kuposa kuthamangira kumjigo kawirikawiri. Pamenepa munthu mmodzi ali ndi mwayi umene kampani yaikulu ilibe: wochoka aliyense angathe kumulembera yekha n'kumufunsa chimene chamuchotsa, ndipo woyankhidwa ndi mwini wake weniweni sachoka msanga.

Kuponya mbedza zambiri

Pieter Levels wa ku Netherlands adalengeza mu 2014 kuti apanga mabizinesi 12 m'miyezi 12. Cholinga chake chidali kudzichiritsa matenda osamaliza zinthu. Imodzi mwa ntchitozo, Nomad List, idayamba ngati tebulo wamba la pa intaneti limene adapempha anthu pa Twitter kuti alembepo mtengo wa moyo ndi liwiro la intaneti m'mizinda yosiyanasiyana, pothandiza anthu ogwira ntchito ali paulendo. Anthu atalidzaza mwa okha, m'pamene adalisandutsa tsamba lenileni n'kuyamba kulipiritsa umembala. Mu 2015 adawonjezera Remote OK, pamene makampani amalipira kuti alengeze ntchito zogwirira kunyumba.

Mu 2021 Levels adaulula kuti mwa ntchito zoposa 70 zimene adayesapo, zinayi zokha ndi zimene zidapanga ndalama n'kukula. Chiwerengero chimenechi chimaphunzitsa zambiri kuposa mbiri ya kupambana kwake. Palibe amene amadziwiratu chimene anthu adzalipire, ndiye chanzeru n'kuchepetsa mtengo wa kulephera: kupanga kanthu kakang'ono m'masabata ochepa, kuikapo mtengo tsiku loyamba, ndipo ngati palibe wogula, kukasiya osalira maliro.

Levels amadziwikanso ndi zida zake zachikale: PHP, jQuery ndi SQLite, zimene akatswiri ena amaziseka. Koma kwa munthu amene adzadzuke yekha pakati pa usiku seva ikagwa, chida chabwino ndi chimene amachidziwa kunja ndi m'kati. Kasitomala safunsa kuti pulogalamu idalembedwa m'chiyani.

Zimene mutu umodzi sungasenze

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhani zili pamwambazi sizikutsutsa mwambiwu. Amene apirira okha kwa zaka zambiri ndi amene adamanga denga laling'ono, n'kubwereka mapewa a ena pa zolemera.

Msonkho ndi chitsanzo. Kuyambira pa 1 Januwale 2015, mayiko a mu European Union adalamula kuti msonkho wa VAT pa zinthu za pakompyuta zogulitsidwa pa intaneti uzilipiridwa motsatira dziko la wogula. Munthu mmodzi wogulitsa kumayiko ambiri akhoza kuthera nthawi yake yonse pa mapepala. N'chifukwa chake ambiri amadutsira ku makampani ngati Paddle, amene amagulitsa m'malo mwawo, kutolera ndi kupereka misonkho, iwo n'kudulapo gawo lawo. Gawolo limawawa, koma limagula maola.

Kubwereka mapewa kuli ndi ngozi yakenso. Mu Januwale 2023 Twitter idatsekera mwadzidzidzi mapulogalamu a anthu ena amene ankadalira makina ake, kuphatikizapo Tweetbot ndi Twitterrific, amene adali atakhalapo zaka zoposa khumi. Mapulogalamu amenewa adatha m'masiku ochepa. Wolima m'munda wobwereka sabzala mitengo ya mango, ndipo wanzeru amasunga yekha maimelo a makasitomala ake kuti mwini munda akasintha maganizo akhale ndi poyambira.

Kwa woyambira ku Malawi pali mtolo wina wowonjezera. Maseva ndi dzina la tsamba amalipiridwa m'madola, pamene kasitomala wa kuno amalipira makwacha kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zoyendetsera tsamba zidakwera usiku umodzi kwa aliyense wolandira makwacha. Wofuna kugulitsa kunja naye amapeza kuti Stripe, njira imene anzake a ku America ndi ku Ulaya amalandirira ndalama za pakhadi, sitsegulira mabizinesi olembetsedwa ku Malawi. Choncho funso lakuti ndalama idzafika bwanji m'manja liyenera kuyankhidwa pulogalamu isadalembedwe.

Mtolo womaliza ndi thupi la mwini wake. Akadwala, bizinesi yadwala. Akapita kumaliro, madandaulo amamudikira. Palibe mnzake womuuza kuti lingaliro ili ndi lopanda pake asadatayirepo miyezi itatu. Mankhwala ake ndi osasangalatsa koma amagwira: ntchito yobwerezabwereza kuisiyira makina, kusunga makope a zonse pamalo awiri, kulemba mayankho a mafunso obwera kawirikawiri, kukana kasitomala wofuna zinthu zapadera zimene zidzasanduke goli, ndi kukhala ndi anzake a ntchito yomweyo okambirana nawo.

Muyeso wake

Alipo ena amene njira imeneyi idawafikitsa kutali kwambiri. Markus Frind wa ku Vancouver adayamba yekha Plenty of Fish, tsamba lopezerana zibwenzi, mu 2003, n'kudzaligulitsa mu 2015 pa $575 miliyoni. Koma ameneyo ndi mmodzi pagulu lalikulu, ndipo woyamba bizinesi atayang'ana pa iye adzabwereza cholakwa cha Gumroad ndi ndalama zake zomwe. Ambiri amene zinthu zidawayendera ali ngati mwini golosale yoyenda bwino: amadya, amalipira fizi, amasunga pang'ono, ndipo palibe wowalamula.

Nambala yoyamba kulemba, tsono, ndi ya ndalama zimene banja lanu limadya pamwezi, kuphatikizapo zolipira maseva ndi msonkho. Muigawe ndi mtengo umene mukufuna kulipiritsa. Yankho lake ndi chiwerengero cha anthu amene muyenera kuwapeza ndi kuwasunga. Likatuluka 60, amenewo ndi anthu oti mayina awo akwana pa masamba awiri a kope, ndipo woyamba pamndandandapo mungathe kumuimbira foni sabata ino, pulogalamu isadakhalepo n'komwe.