Ku France Kumafuna Moni ndi Wotchi

Anthu akamva kuti ndinakhalako ku France, funso lawo loyamba limakhala la Chifalansa: kodi munthu wosachidziwa angayende bwanji? Ndimawayankha kuti chinenero si chimene chimagwetsa alendo ambiri. Chimawagwetsa ndi moni ndi nthawi.

Pa moni, ife tili ndi mwayi, popeza tinaleredwa kuti pakhomo pa mwini sulowa osanena odi. Afalansa nawonso ndi otero. Mukalowa m'sitolo yaing'ono kapena mukafuna kufunsa njira, yambani ndi "Bonjour madame" kapena "Bonjour monsieur". Ndinaonapo mayi wina wogulitsa buledi mumzinda wa Lyon akutumikira mlendo amene anangofikira kuloza keke ndi chala. Anamugulitsa ndithu, koma nkhope ili gwa, chenji n'kungomuikira patebulo. Wotsatira wake anapereka moni, Chifalansa chake n'kuthera pomwepo. Mayi yemwe uja anayamba yekha kumuthandiza m'Chingelezi chothyokathyoka, akuseka. Mbiri yoti Afalansa ndi amwano, mwa kuona kwanga, imafalitsidwa kwambiri ndi anthu osalonjera.

Nthawi ndiye imapweteka m'mimba. Malesitilanti ambiri, makamaka kunja kwa Paris, amapereka nkhomaliro kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko masana. Ikapitirira pamenepo, moto wazima mpaka cha m'ma 7 koloko madzulo, ndipo kuchonderera sikuthandiza. Lamlungu masitolo ambiri amakhala otseka. Mu Ogasiti eni mashopu ang'onoang'ono amamata kapepala pachitseko n'kupita kutchuthi kunyanja kwa milungu ingapo. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Louvre satsegula Lachiwiri, pamene ya Orsay satsegula Lolemba.

Zonsezi zimabwera mutadutsa kaye pa nkhani ya viza. Mwini pasipoti ya Malawi kapena ya Zambia amafunika viza ya Schengen, yomwe imalola kukhala masiku osapitirira 90 pa masiku 180 alionse. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake ndi mayuro 90 kwa munthu wamkulu, ndipo akakukanizani ndalamayo sibwerera. Amafunanso inshuwalansi ya zachipatala yofika mayuro 30,000. Chatsopano n'chakuti kuyambira pa 12 Okutobala 2025, mayiko a Schengen anayamba kujambula nkhope ndi kutenga zidindo za zala za alendo polowa, ndipo kompyuta ndiyo ikuwerenga masiku anu. Amene ankawonjezera kamlungu mwakabisira aiwale zimenezo.

Kuchokera pabwalo la ndege la Charles de Gaulle, sitima ya RER B imakufikitsani ku Gare du Nord, m'kati mwa Paris. Mu 2025 tikiti ya ulendowu inali mayuro 13, pamene ya metro, sitima yoyenda pansi pa nthaka, inali mayuro 2.50 kulikonse kumene mukupita m'chigawo cha Paris. Musataye tikiti musanatuluke pasiteshoni. Oyendera matikiti amaima pakona, ndipo zoti ndinu mlendo alibe nazo ntchito. Chenjeraninso ndi akuba: foni musaiike m'thumba lakumbuyo. Atsikana akakuzungulirani ndi pepala loti musaine pafupi ndi nsanja ya Eiffel, ingodutsani, dzanja lili pachikwama.

Nkhani yosangalatsa ndi ya tchalitchi cha Notre-Dame. Chinapsa pa 15 Epulo 2019, ndipo chinatsegulidwanso pa 7 Disembala 2024. Miyala ya m'kati, yomwe inada ndi utsi wa zaka mazana, anaitsuka mpaka kuyera mbee, moti amene anachiona kale amachita kudabwa. Kulowa n'kwaulere. Wina akafuna kukugulitsani tikiti pakhomo, ameneyo ndi tambwali.

Madzi akumwa nawonso ndi aulere mulesitilanti ngati mwapempha "une carafe d'eau", omwe ndi a pampopi. Mukangoti madzi, akhoza kukubweretserani a m'botolo, bilu n'kukwera. Ndalama ya woperekera zakudya inawerengeredwa kale pamtengo wolembedwa.

Buledi ndi tchizi zikakukolani, kwerani metro nambala 4 mukatsike pa Château Rouge. Mukangotuluka pansi, fungo la nsomba zouma limakulandirani. Mumsewu wa Dejean ndi timisewu toyandikana nawo muli chinangwa, therere, nthochi zophika, chigwada chosinja kale ndi ufa wa chimanga woti n'kuphikira nsima, ngakhale kuti woyera ngati wa kwathu umafuna kusakasaka. Ogulitsa ambiri ndi ochokera ku Congo, Cameroon, Mali ndi Senegal, ndipo kumeneko kunenerera mtengo si chachilendo.

Akatolika ambiri amalakalaka Lourdes, ulendo wa maola pafupifupi 5 pa sitima ya TGV kuchokera ku Gare Montparnasse. Ochepa okha ndi amene amadziwa za Saint-Laurent-sur-Sèvre, tauni yaing'ono ya m'dera la Vendée kumene kuli manda a Louis-Marie Grignion de Montfort, amene ansembe a chipani chake anafika ku Nzama, m'boma la Ntcheu, mu 1901. Kulikonse kumene mungasankhe, gulani tikiti ya sitima kudakali milungu ingapo chifukwa mtengo umakwera tsiku likamayandikira. Ndipo usiku woti mawa ulendo, onani ngati ogwira ntchito za sitima sanalengeze sitalaka, chifukwa ku France sitalaka amaiuziratu tsiku.