Kuthira Madzi m'Matayala a Thirakitala

Alimi anzathu, chilimwe chikafika pachimake, nthaka yakatondo ya m'chigwa cha Lilongwe iuma gwaa, ndipo thirakitala wopepuka alephera kukoka pulawo. Matayala ake angozungulira pamodzimodzi napalasa dothi, dizilo nkumatha, mphira nkumadyeka, koma munda osatha. Ambiri a inu okhala ku Area 14 ndi madera oyandikana nawo muli ndi minda ku Mitundu, ku Nsaru kapena ku Mpingu, ndipo thirakitala mumsunga pakhomo pamene pali madzi a pampopi. Tsono tifuna kukufotokozerani njira yomlemeretsa ndi madzi omwewo, osagula zitsulo zodula.

Poyamba tiyenera kudziwa ngati kulemerako kufunikadi. Lembani chizindikiro ndi choko pa tayala lakumbuyo. Yendetsani thirakitala m'munda pulawo ali m'mwamba, muwerenge kuzungulira kwa tayala kakhumi, ndi kuyesa mtunda umene wayenda. Chitaninso chomwecho pulawo ali m'dothi. Ngati poyamba anayenda mamita 40, polima ayenera kuyenda mamita 34 kufikira 36, pakuti kuterereka kwa magawo 10 kufikira 15 pa 100 ndiko koyenera. Akayenda ochepera 34, wapepuka ndipo afuna madzi. Akayenda pafupifupi 40 yemweyo, walemera kale, musamwonjezere kanthu.

Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Tayala la 12.4-28, limene lipezeka pa mathirakitala ang'ono monga Massey Ferguson 35, lilandira malita pafupifupi 130. Matayala awiri apatsa thirakitala makilogalamu 260, ndiko kulemera kopitirira matumba asanu a chimanga. Ubwino wake ngwakuti kulemeraku kukhala pansi penipeni, kotero thirakitala sagubuduzika msanga pamalo opendekeka.

Kachitidwe kake ndi aka. Imikani thirakitala pamalo osalala ndi olimba, zimitsani injini, mangani buleki, ndi kutsekereza mawilo ena ndi mitengo. Kwezani wilo limodzi ndi jeke, nimuike chipika cholimba pansi pa ekiselo, chifukwa jeke yekha sadalirika. Zungulizani wilo kufikira valavu ikhale pamwamba penipeni, ndipo tulutsani mpweya wonse pochotsa kamtima ka valavu. Mangani paipi ya madzi pa valavuyo ndi kachitsulo kolumikizira kokhala ndi potulukira mpweya. Tsegulani mpopi pang'ono, ndipo muziimitsa kawirikawiri kuti mpweya wopanikizika utuluke. Madzi akayamba kubwerera pa valavu, lekani. Bwezerani kamtima kaja, popani mpweya monga mwa muyeso wa m'buku la thirakitala wanu, ndipo tsitsani jeke. Tayala linalo lithiridwe madzi ofanana, kuti thirakitala asalemere mbali imodzi.

Mfundo yaikulu imene tifuna muikumbukire nayi: tayala lisadzale madzi. Valavu ikakhala pamwamba, madzi afika magawo atatu a magawo anai, ndipo gawo lotsalalo ndi la mpweya. Mpweya ufinyika, koma madzi safinyika. Tayala lodzala madzi likagunda chitsa kapena mwala lisowa pobwerera, ndipo ulusi wa m'kati mwake uduka. Pamenepo mlimi wataya tayala lamtengo wapatali pakati pa nyengo yolima, mvula ili pafupi. Popeza mpweya watsala wochepa, ukangotuluka pang'ono tayala liphwa msanga. Chifukwa chake yesani mpweya sabata ndi sabata, valavu ili pamwamba, kuti madzi asalowe m'choyesera.

Ku maiko ozizira monga Canada, alimi asakaniza madziwo ndi mankhwala otchedwa calcium chloride kuti asaundane. Kuno ku Lilongwe chisanu cha Juni ndi Julayi sichiumitsa madzi m'tayala, ndipo mankhwalawo adya chitsulo cha wilo. Ife madzi oyera atikwanira. Tayala lokhala ndi chubu ndilo labwino koposa, pakuti madzi sakhudza chitsulo ndi kuchititsa dzimbiri.

Chenjeraninso pochotsa wilo lothiridwa madzi. Likagwera munthu limthyola mwendo kapena kumupha. Tulutsani madzi musanamasule maboti, ndipo ana akhale kutali.

Potsiriza, kulemera kumene kuthandiza pogalauza nthaka youma kuononga nthaka yonyowa. Thirakitala wolemera akaponda munda wonyowa, dothi ligwirana pansi, madzi a mvula salowa, ndipo mizu ya chimanga ilephera kuzama. Pamseu wa tala nako, pokoka ngolo yopepuka, madziwo angoonjezera dizilo ndi kuvutitsa mabuleki. Tsono ntchito yogalauza ikatha, zungulizani valavu ikhale pansi, mutulutse madziwo, ndipo mudzathirenso chilimwe chamawa mutayesa kuterereka monga tanenera.