Msonkho ndi Nkhalango: M'mene Dziko la Brazil Linakopera Makhonsolo Kucepetsa Mpweya wa Kaboni

Khonsolo iriyonse imayendetsa nchito zake ndi ndalama za misonkho. Dera likakhala ndi nkhalango yaikulu yotetezedwa, minda ndi malonda zimacepa, ndipo msonkho umacepanso. Motero khonsolo yoletsa kugwetsa mitengo imadzisaukitsa yokha, ngakhale kuti mitengoyo ikanatenthedwa ikanatulutsa mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko lonse. M'nkhani ino tifotokoza njira ziwiri zimene dziko la Brazil linayesa pofuna kuthetsa vuto limeneli.

Njira yoyamba ndi ya mphotho. Malamulo a dzikolo a 1988 ananena kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a msonkho wa malonda, wochedwa ICMS, lizipita ku makhonsolo. Mu 1991 cigawo ca Paraná cinapatula 5 peresenti ya ndalamazi kuti izigawidwa motsata cisamaliro ca cilengedwe. Theka limapita ku makhonsolo okhala ndi nkhalango zotetezedwa, theka lina ku makhonsolo osunga magwero a madzi omwedwa m'matauni oyandikana nawo. Anthu sanawonjezeredwe msonkho. Cimene cinasintha ndi kagawidwe kokha. Zigawo zina zambiri zinatengera citsanzo cimeneci.

Njira yaciwiri ndi ya cilango. Mu 2008 boma linalengeza maina a makhonsolo 36 a ku Amazon kumene nkhalango inali kutha kwambiri. Caka comweco, alimi a ku Amazon opanda zikalata zoyenera za malo anayamba kuvutika kupeza ngongole za ulimi. Khonsolo ya Paragominas, m'cigawo ca Pará, inali pa mndandandawo. Atsogoleri ake anagwirizana ndi alimi ndi oweta ng'ombe, nalembetsa malo opitirira 80 peresenti m'kaundula wa boma, nacepetsa kugwetsa mitengo kufika pansi pa masikweya kilomita 40 pa caka. Mu 2010 Paragominas inakhala yoyamba kucotsedwa pa mndandandawo.

Tikayerekeza njira ziwirizi tiona kuti zonse zatsamira pa muyeso umene khonsolo singaupotoze, monga kukula kwa malo otetezedwa kapena zithunzi za setilaiti. Tionanso kuti phindu kapena cilango cimagwera dera lenilenilo kumene mitengo imadulidwa.

Mfundo imeneyi ikutikhudza ife kuno kwathu. Mu 2024 boma la Zambia linasayina pangano ndi World Bank lakuti Cigawo ca Kum'mawa cidzalipidwe cikacepetsa mpweya wa kaboni. Cimene tiphunzira ku Brazil n'cakuti kukula kwa malipiro pakokha sikusunga nkhalango. Ngati ndalamazo sizifika ku makhonsolo, kwa mafumu ndi kwa anthu a m'midzi amene aleka kuocha makala, thumba la makala lidzapitiriza kuwapindulira koposa mtengo wosadulidwa.