Mphunzitsi wa Kwaya Ayambe ndi Mawu

M'boma la Angónia, kuyambira ku Ulongwe mpaka ku Domwe ndi ku Lifidzi, n'kovuta kupeza tchalitchi chopanda kwaya. Loweruka masana, anthu akaweruka ku madimba, anyamata, atsikana ndi amayi amasonkhana kuti aphunzire nyimbo za pa Sabata. Wowaphunzitsayo kawirikawiri salandira kanthu, ndipo alibe limba. Zida zake ndi khutu ndi kukhosi basi.

Iye amagawa anthu m'magulu anayi: sopulano, aluto, tena ndi besi. Amayimbira gulu limodzi mzere wake mpaka ulowe m'mutu, kenaka amapita ku gulu lina. Ena amalemba pa bolodi zilembo d, r, m, f, s, l, t, njira imene John Curwen anafalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 ndipo inafika kuno ndi amishoni. Anthu amene anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo anabweranso ndi nyimbo zina pobwerera kwawo, mtendere utasainidwa ku Roma mu 1992.

Koma pali vuto limene aphunzitsi ambiri saliganizira. Kwaya imatha kuyimba mokoma, mawu anayi onse atagwirizana bwino, koma agogo okhala kumbuyo osamva chimene chikunenedwa. Chifukwa chake chili m'chinenero chathu. M'Chichewa timakoka pafupi ndi kumapeto kwa liwu: mu "Mulungu" timakoka pa "lu", mu "mtendere" timakoka pa "nde". Nyimbo zambiri zochokera ku Ulaya zimakoka pa mapeto penipeni a mzere. Tsono mawu athu akaikidwa m'maimbidwe otero, anthu amakoka pa "ngu" kapena pa "re", liwu nkupindika.

Komanso ife timasiyanitsa mawu pokweza kapena kutsitsa liwu. Mtengo wa m'tchire ndi mtengo wa chimanga pa msika zimalembedwa chimodzimodzi, koma khutu limazisiyanitsa. Maimbidwe akakwera pamene liwu liyenera kutsika, tanthauzo limasokonekera.

Mayi wosinja pamtondo sapinda mawu chotere. Ovina chintali ndi ovina ngoma ya Angoni nawonso sapinda, popeza nyimbo zawo zinamera m'mawu enieniwo: mmodzi amatsogolera, ena navomera. Akatolika analoledwa kugwiritsa ntchito zinenero zawo pa Misa kuchokera pa msonkhano wa Vatican II, mu 1963, ndipo pang'onopang'ono ng'oma ndi zisekese zinalowa m'tchalitchi. Ngakhale zili choncho, alipobe aphunzitsi amene amaona ngati nyimbo yolemekezeka ndi yokhayo yochokera kutali. Apa akulakwitsa, ndipo ana amene akuwaphunzitsa amakula akuchita manyazi ndi maimbidwe a amayi awo.

Sikuti nyimbo zakale za m'buku zitayidwe ayi, pakuti anthu ambiri anaikira nazo maliro a makolo awo ndipo amazikonda. Chofunika n'chakuti mphunzitsi asathamangire maimbidwe. Ayambe wauza kwaya kuti inene mawu a nyimboyo pakamwa, monga mmene timayankhulira pabwalo, kawiri kapena katatu, ndipo pokhapo ayike maimbidwe. Pamene maimbidwe akulimbana ndi liwu, afupikitse kukokako. Ngati akupeka nyimbo yatsopano, mawu ndiwo atsogole.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Aitane munthu wachikulire amene sanaimvepo nyimboyo, amukhazike pa benchi ya kumbuyo, kwaya iyimbe ndime imodzi. Pambuyo pake amufunse kuti anene zimene wamva.