Mbalame Yamantha Imene Inadzaza Dziko

Kalelo nkhuku inali mbalame yakutchire, yochepa thupi, yokhala m'nkhalango za nsungwi za kumwera chakummawa kwa Asia. Ikangomva tswa! m'masamba, inkauluka n'kukatera pamtengo, yamantha ngati nkhwali. Thadzi linkaikira mazira ochepa pachaka, n'kufungatira, basi. Abale ake akadalipo m'nkhalango za ku Thailand, Myanmar ndi Vietnam, ndipo mpaka lero salola munthu kuwayandikira.

Chimene chinaitulutsa m'tchire ndi mpunga. Alimi atatsegula minda ya mpunga ndi mawere, mbalameyi inayamba kubwera kudzatola njere, kenako inazolowera kupalasa pafupi ndi nyumba. Mafupa akale kwambiri amene akatswiri amatsimikiza kuti ndi a nkhuku yoweta anapezeka ku Ban Non Wat, ku Thailand, ndipo ndi apakati pa 1650 ndi 1250 Yesu asanabadwe.

Chondisangalatsa n'chakuti m'madera ambiri anthu sanathamangire kuiika mumphika. Ankaisirira! Ankagoma ndi nthenga za tambala, kulira kwake kwa mbandakucha ndi ukali wake pomenyana. Mtsogoleri wa Aroma Julius Caesar analemba kuti anthu a ku Britain ankaweta nkhuku pongosangalala nazo, kudya ayi. Aroma ndiye ankachita kufunsira kwa nkhuku asanapite kunkhondo: zikadya mwadyera mpaka njere kugwa pakamwa, ankati ulendo uli bwino. Mu 249 Yesu asanabadwe, nkhuku zopatulikazo zinakana kudya pamene mkulu wankhondo Publius Claudius Pulcher ankakonzekera kuthira nkhondo zombo za adani awo a ku Carthage ku Drepana. Iye anapsa mtima n'kuziponya m'nyanja, amvekere ngati sizikufuna kudya ndiye zimwe madzi. Tsiku lomwelo anagonja, zombo 93 n'kupita. Tangoganizani, mbalame yothawa mthunzi wa munthu ija tsopano ikulamula asilikali a Roma!

Kusintha kwa thupi lake n'kwadzulodzuloli. Mu 1923 mayi wina wa ku Delaware ku America, Cecile Steele, anaitanitsa anapiye 50 oti azimuikira mazira, koma anamubweretsera 500. Sanawabweze. Anawalera, n'kugulitsa nkhuku 387 zimene zinapulumuka ngati ndiwo, ndipo phindu lake linamukomera moti pofika 1926 anali ndi khola la nkhuku 10,000. Anansi ataona, nawonso anayamba. Mu 1948 kunachitika mpikisano wa dziko lonse la America wofuna nkhuku ya mnofu wambiri pachidali, ndipo anapambana ndi Charles Vantress wa ku California, amene anakweretsa mtundu wa Cornish ndi wa New Hampshire.

Zotsatira zake zinayezedwa pasikelo. Akatswiri a pa yunivesite ya Alberta ku Canada analera pamodzi nkhuku za mtundu wa 1957 ndi za mtundu wa 2005, chakudya chimodzimodzi. Atatha masiku 56, yakale inalemera magalamu 905, yatsopano magalamu 4,202. Kuposa kanayi! Pamenepa alimi ayenera kusamala ndithu, chifukwa zina zimalemedwa mpaka miyendo kukanika kuzinyamula. Kumbali ya mazira nako n'chimodzimodzi: thadzi lamakono limaikira pafupifupi 300 pachaka.

Lero nkhuku zamoyo padziko lapansi zimaposa 20 biliyoni, kuchuluka kuposa mbalame ina iliyonse, ndipo kwathu kuno mlendo wolemekezeka timamulandira ndi nkhuku. Ngakhale zakuda zija timati za Mikolongwe zili ndi ulendo wawo. Mtundu wake ndi Black Australorp, wochokera ku Australia, ndipo boma linkauchulukitsa ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu n'kumagawira alimi kuti atambala ake azikwera nkhuku zachikuda, anapiye azibadwa okula msanga ndi oikira mazira ambiri.